Piyano Ilibe Pakamwa

Munthu woimba ndi pakamwa savuta kumujambula. Umangoona pomwe pali milomo yake, n'kuimika maikolofoni patali pang'ono, basi ntchito yayambika. Lipenga lili ndi kukamwa kwake koonekera, ng'oma ili ndi chikopa chake, ndipo ngakhale mwana angathe kukulozera potulukira mawu ake. Piyano yokha ndiyo ilibe pakamwa. Mawu ake amatulukira pamwamba, pansi, m'nthiti ndi kumbuyo nthawi imodzi, ndipo malo aliwonse amanena zakezake. Amene wapatsidwa ntchito yojambula chida chimenechi amayamba ndi funso lomwe buku lililonse silingamuyankhire mokwanira: kodi piyano imamvekera pati?

Kuti funsoli limveke bwino, tiyenera kuyamba taona m'kati mwake. Piyano ya masiku ano ili ndi makiyi 88 ndiponso nsambo pafupifupi 230, popeza makiyi ambiri amamenya nsambo zitatuzitatu, pomwe a mawu aakulu amamenya ziwiri kapena imodzi. Woimba akadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi ubweya wothinana kamalumpha n'kumenya nsambo. Nsamboyo payokha mawu ake ndi ochepa, koma imapatsira kunjenjemera kwake kuthabwa lalikulu lopyapyala, kawirikawiri la mtengo wa spruce, ndipo thabwa limenelo ndilo limagwedeza mpweya. Kiyi wa kumanzere kwenikweni amanjenjemera ka 27.5 pa sekondi, ndipo funde la mawu ake limatalika mamita oposa 12. Kiyi wotsiriza wa kumanja amanjenjemera ka 4,186 pa sekondi, ndipo funde lake ndi la masentimita 8 okha. Bartolomeo Cristofori atapanga chida chimenechi ku Florence cha m'ma 1700, chachilendo chake chinali chakuti chimatha kunong'ona ndi kufuula malinga ndi dzanja la woimba, ndipo dzina lake linachokera pomwepo. Choncho wojambula amayenera kutola funde lotalika kuposa chipinda pamodzi ndi funde lalifupi ngati chala, kunong'ona pamodzi ndi kufuula, zonse kudzera pa kanembanemba kochepa ngati ndalama yachitsulo.

Ine ntchito yojambula mawu ndinaiphunzira pojambula makwaya m'matchalitchi ndi m'maholo a sukulu. Mapiyano ndinkakumana nawo mwa apo ndi apo, ambiri a iwo oimirira, okalamba, otsamira khoma ngati agogo owothera dzuwa. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali bambo wosakonda kulankhula zambiri. Lamulo lawo loyamba linali lakuti ndisakhudze chikwama cha maikolofoni ndisanazungulire chidacho katatu woimba akuimba, nditatseka khutu limodzi ndi chala. Ankati makutu awiri ndi aulemu kwambiri: amakhululukira chipinda choipa, amaiwala galimoto yodutsa, amasankha zomwe mwini wake akufuna kumva. Khutu limodzi ndilo limayandikirako kuuma mtima kwa maikolofoni, yomwe siidziwa kuti nyimbo ndi iti ndipo kulira kwa mpando ndi kuti. Mpaka lero ndimazungulirabe, kuwerama, kugwada, kuimirira pa benchi, anthu n'kumandiyang'ana ngati ndataya singano. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Maikolofoni alipo a mitundu itatu ikuluikulu. Woyamba ndi wa dynamic, womwe m'kati mwake muli kawaya kokulungidwa koyenda pakati pa maginito. Ndi wolimba, sufuna magetsi apadera, ndipo ndi umene umapezeka paliponse pomwe pali ukwati, msonkhano kapena ulaliki. Shure SM57 ya mu 1965 ndi SM58 ya mu 1966 ndi za mtundu umenewu. Vuto lake pa piyano ndi lakuti kawayako kamalemera, ndiye kamachedwa kudzidzimuka kanyundo kakamenya, ndipo mawu ang'onoang'ono akumwamba amafika atafooka. Wachiwiri ndi wa condenser, womwe E. C. Wente anaupanga ku America mu 1916, ndipo Georg Neumann anayamba kuugulitsa ku Berlin mu 1928. Kanembanemba kake ndi kopepuka kwambiri, kotero kamatsatira msanga kugunda kulikonse. Umafuna magetsi, kawirikawiri a mavoti 48 odzera m'chingwe chake chomwe. Ambiri ojambula piyano amayambira pamenepa, ndipo mayina monga Neumann U87 ndi AKG C414 amatchulidwa ngati mayina a mafumu. Wachitatu ndi wa ribbon, womwe uli ndi kansalu kachitsulo kopyapyala kolendewera pakati pa maginito, monga Coles 4038 imene akatswiri a BBC anaikonza m'zaka za m'ma 1950. Umenewu umafewetsa piyano yaukali, koma ndi wosachedwa kuwonongeka ndi mphepo.

Palinso nkhani ya mbali yomwe maikolofoni imamvera. Ya omni imamva mbali zonse mofanana, ndipo imatola bwino mawu aakulu a kumanzere, koma imatolanso chipinda chonse ndi zoipa zake. Ya cardioid imamva kutsogolo n'kufulatira zakumbuyo, zomwe zimathandiza m'chipinda chaphokoso. Koma ili ndi khalidwe lake: ukaiyandikiza kwambiri imanenepetsa mawu aakulu, ndipo zomwe zikubwera cham'mbali imazisintha mtundu. Pa chida chachikulu ngati piyano, mawu ambiri amafika cham'mbali ndithu. Ndiye kusankha maikolofoni kwenikweni ndi kuweruza chipinda. Chipinda chikakhala chabwino ndimatenga ya omni n'kuchilola chilankhule nawo. Chikakhala choipa ndimatenga ya cardioid n'kusendera pafupi.

Komabe, pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi, ndaona kuti kusuntha maikolofoni ndi chikhatho chimodzi kumasintha mawu kuposa kusinthanitsa maikolofoni yotchipa ndi yodula. Tiyerekeze piyano yogona, yotsegulidwa chivindikiro. Ukaika maikolofoni masentimita 15 kapena 20 pamwamba pa tinyundo, umamva kugunda koyera, kowala, kotha kupyoza ng'oma ndi magitala. Ndi mawu omwe oimba a jazi ndi a nyimbo zovina amawakonda. Koma pamenepo umamvanso kukwera ndi kutsika kwa tiziduswa taubweya tomwe timatontholetsa nsambo, ndipo makiyi omwe ali pansi pa maikolofoni amafuula kuposa anzawo. Ukasunthira kumchira, pomwe nsambo zazitali zimathera, mawu amanenepa n'kukhala ofunda. Ukatuluka n'kuima m'mbali mokhota muja, pakati pa nthiti ya piyano ndi chivindikiro, umapeza mawu osakanikirana bwino, chifukwa chivindikirocho chimatola za m'kati n'kuziponyera kwa omvera. Ukabwerera m'mbuyo mamita awiri kapena atatu, piyano imakhala chinthu chimodzi chathunthu, ndipo holo imayamba kuyankha. Ojambula nyimbo za Bach, Chopin ndi anzawo amakonda kuima cha kumeneko. Ukapitirira apo, umafika pomwe mawu obwerera kuchokera m'makoma amaposa mawu ochokera m'chida, ndipo nyimbo imasungunuka ngati mchere m'madzi.

Maikolofoni akakhala awiri, pamabwera vuto lina. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Ngati maikolofoni imodzi ili kutali ndi nsambo masentimita 17 kuposa inzake, mawu onjenjemera ka 1,000 pa sekondi amafika kwa yachiwiriyo atachedwa ndi theka la funde. Ukawaphatikiza, pomwe wina akukankha mnzake akukoka, ndipo mawuwo amafafanizana. Piyano imamveka ngati ikuimbira m'mgolo. Akatswiri anapeza njira zingapo zopewera zimenezi. Alan Blumlein, m'chikalata chake cha mu 1931 chomwe chinayala maziko a sitiriyo, anafotokoza za kuika maikolofoni awiri pamalo amodzi, opingasana, kuti mawu azifika kwa onse nthawi imodzi. Akatswiri a wailesi ya ku France cha m'ma 1960 anakhazikitsa njira yotchedwa ORTF, yoika ma cardioid awiri motalikirana masentimita 17, otsegukirana madigiri 110, pafupifupi mmene makutu a munthu alili. Ena amawatalikitsa ndithu, wina kumawu aakulu wina kumawu aang'ono, n'kumasunga lamulo lakuti mtunda wa pakati pawo ukhale wowirikiza katatu mtunda wa aliyense kufika pa nsambo. Njira iliyonse yomwe ndasankha, ndisanalole woimba kuyamba ndimamvetsera zonse pa sipika imodzi. Ambiri mwa omwe adzamve nyimboyo adzaimvera pa foni kapena pa kawailesi ka sipika imodzi, ndipo chomwe chafafanizika pamenepo chatayika kwa iwo.

Mabuku ambiri a ntchitoyi amalankhula za piyano yogona ya mamita pafupifupi atatu, yoima m'holo yomangidwira nyimbo. Piyano yomwe ine ndakumana nayo kwambiri ndi yoimirira, ndipo ili ndi malamulo ake. Thabwa lake lokuza mawu limayang'ana kukhoma, ndiye chinthu choyamba ndi kupempha anyamata anayi kuti aikokere pakati pang'ono. Kumbuyo kumeneko, patali theka la mita, kumapezeka mawu odzaza, opanda kugogoda kwa zala. Ukatsegula chivindikiro chapamwamba n'kulozetsa maikolofoni m'kati, umapeza kuwala koma thupi limachepa. Ukachotsa thabwa lakutsogolo, nsambo zonse zimaonekera ndipo mawu amamasuka, koma tinyundo ndi timitengo take timalowa m'nyimbo. Pansi pa makiyi pali mawu aakulu abwino, pamodzi ndi kulira kwa mapedulo, komwe ndimayamba ndakuthetsa ndisanalumikize chingwe chilichonse.

Kenaka pali nyumba yomwe. Denga la malata limathetheka dzuwa likamakwera ndiponso likamapendeka, ndipo mvula ikagwa ntchito yatha. Pansi pa simenti pamabweza mawu mwaukali, choncho ndimayala mphasa kapena mabulangete pansi pa chida. Magetsi a kuno kwathu amayenda ka 50 pa sekondi, ndipo chingwe cha maikolofoni chikagona pambali pa chingwe cha magetsi, kung'ung'udza kwake kumakhala pakati penipeni pa mawu aakulu a piyano. Thabwa lija limafufuma m'dzinja n'kunyala m'chilimwe, ndipo nsambo zimasokonekera potsatira nyengo. Wotchuna piyano ayenera kufika maikolofoni isanafike, pakuti palibe malo oimikapo maikolofoni omwe angawongole nsambo yosokonekera. Nthawi yabwino ndaipeza kuti ndi usiku, malata atazizira, atambala asanayambe.

Wina angaganize kuti pa zida zotere palibe chabwino chingatuluke. Mbiri ya nyimbo ikunena zina. Pa 24 Januwale 1975, Keith Jarrett anafika ku holo ya opera ya ku Köln n'kupeza piyano yaing'ono ya Bösendorfer m'malo mwa yaikulu yomwe anapempha. Mawu ake akumwamba anali opyapyala, akumunsi ofooka. Iye anakhazikika pa makiyi apakati, dzanja lamanzere likubwereza mizere yake mwamphamvu. Martin Wieland anajambula ndi maikolofoni awiri a Neumann U67, ndipo The Köln Concert inasanduka chimbale cha piyano chogulidwa kwambiri m'mbiri ya jazi. Chaka cha 1974, ku Cape Town, Abdullah Ibrahim, yemwe nthawiyo ankadziwika kuti Dollar Brand, anajambula Mannenberg pa piyano yoimirira yomwe tinyundo take tinali titakhomedwa timisomali. Kulira kwake kwachitsulo kunamukumbutsa marabi a m'makomboni, ndipo nyimboyo inadzakhala ya anthu olimbana ndi tsankho m'zaka za m'ma 1980. M'zimbale zonse ziwirizi ojambula sanabise chilema cha chida. Anachilola chimveke, ndipo lero palibe amene angafune kumva nyimbozo pa piyano ina.

Apa ndi pomwe ntchito ya manja imasanduka funso la chilungamo. Glenn Gould wa ku Canada anasiya kuimba pamaso pa anthu mu 1964 n'kudzipereka ku situdiyo. Ankafuna maikolofoni pafupi kuti mzere uliwonse wa Bach umveke pawokha, ndipo pamodzi ndi mizereyo munalowanso kung'ung'udza kwa pakhosi pake, komwe akatswiri ankalimbana nako osakutha. M'zaka za m'ma 1970, pojambula nyimbo za Sibelius, anaika magulu angapo a maikolofoni motalikirana, kuchokera pafupi ndi nsambo mpaka kutali m'holo, n'kumasinthasintha pakati pawo monga mmene wojambula kanema amasendezera kamera. Hugh Tracey, yemwe anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954 ndipo anajambula oimba a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ankagwira maikolofoni m'manja n'kumayenda nayo pakati pa oimba, kuyandikiza kwa uyu kenaka kwa uyo. Tikamamvera zomwe anajambula, timamva agogo athu, komanso timamva mapazi a Tracey, ndiko kuti zomwe iye anaona kuti n'zoyenera kuyandikira. Palibe chojambulidwa chomwe chilibe mwini khutu.

Zimenezi ndinaziona ndi maso pa ntchito ina yomwe sinali ya ndalama zambiri. Mayi wina anandipempha kuti ndikajambule bambo ake, mphunzitsi wopuma yemwe anaphunzitsa nyimbo pa sukulu ina ya mishoni kwa zaka zambiri. Mkuluyo anali atakonza nyimbo za m'tchalitchi ndi za kumudzi kwawo kuti ziziimbika pa piyano, koma sanalembepo ngakhale imodzi. Zonse zinali m'zala, ndipo zalazo zinali zitayamba kuuma ndi nyamakazi. Tonse tinkadziwa, ngakhale palibe anatchula, kuti mwayi wachiwiri sudzapezeka. Ndinaimika magulu awiri a maikolofoni: awiri pamwamba pa mapewa awo, kuyang'ana m'piyano yochotsedwa thabwa lakutsogolo, ndi ena awiri pa benchi yachitatu, pomwe ana asukulu ankakhala.

Atatha nyimbo yoyamba ndinawaveka mahedifoni n'kuwamvetsera za pa benchi paja. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi.

"Mwana wanga, ameneyu waimba bwino ndithu," anatero. "Koma sindikumudziwa."

Ndinawatsegulira za pamapewa. Munali kugogoda kwa zikhadabo pa makiyi, kulira kwa mpando, ndi mpweya womwe ankakoka mzere uliwonse usanayambe, ngati akupatsa chizindikiro kwaya yosaoneka. Mawu aakulu anali kumanzere, aang'ono kumanja, monga mmene manja awo analili.

"Eya, uyu ndiye ine," anatero akumwetulira.

Mwana wawo atamvera zonse ziwiri anapukusa mutu. "Ayi, ababa. Inu ndi oyamba aja. Ife takhala tikukumvani choncho moyo wathu wonse."

Onse awiri ankanena zoona. Mkuluyo anakhala zaka makumi angapo pa mpando umodzi, ndipo anali asanamvepo piyano yake kuchokera pa benchi. Mwanayo anali asanakhalepo m'mutu mwa bambo ake. Pali njira yosavuta yomwe ojambula timaidziwa, yosakaniza magulu awiriwo kuti aliyense apeze kagawo kake. Koma chosakanizacho chikanakhala malo omwe munthu aliyense sanakhalepo, osati mphunzitsi, osati mwana wasukulu. Ndinawapatsa zonse ziwiri padera, chilichonse ndi dzina lake. Mkuluyo atamwalira, abale ndi ophunzira awo akale anagawana za pa benchi zija, ndipo ndi zomwe zinamveka pa mwambo wowakumbukira. Patapita miyezi, mayi uja anandiuza kuti akakhala yekha amatsegula zinazo. Anati satsatira kwenikweni nyimbo, amadikira pomwe bambo ake akukoka mpweya.

Masiku ano mapiyano a nsambo akuchepa m'matchalitchi ndi m'masitudiyo athu. Malo awo atengedwa ndi makiibodi amagetsi, omwe safuna wotchuna, saopa chinyezi, ndipo amalumikizidwa ndi chingwe chimodzi popanda maikolofoni. Sindikuwanyoza, pakuti apatsa achinyamata ambiri mwayi womwe makolo awo analibe. Koma ndi bwino kudziwa chomwe chili m'kati mwake. Mawu a piyano omwe ali m'makiibodi ambiri ndi ojambulidwa kale, kiyi ndi kiyi, kuchokera ku piyano yeniyeni yomwe inaima m'chipinda china kutali, ndipo katswiri wina anasankha kale pomwe maikolofoni aime. Wachinyamata wa ku Lilongwe, wa ku Chipata ndi wa ku Tete akadina kiyi yemweyo, onse amamva ndi khutu la mlendo mmodzi yemweyo. Pakali pano mapiyano akale aja, omwe mawu ake anaumbidwa ndi nyengo zathu ndi zala za aphunzitsi athu, akudyedwa ndi chiswe m'zipinda zosungiramo mabenchi othyoka, ambiri a iwo asanajambulidwepo.

Kwa ophunzira omwe akufufuza za nyimbo m'mayunivesite a chigawo chathu, pempho langa ndi laling'ono. Musadikire maikolofoni odula. Kachipangizo kojambulira kokwana m'thumba, kokhala ndi maikolofoni awiri opingasana, kangathe kugwira ntchito yolemekezeka mukakaimika pamalo oyenera. Zungulirani chida mutatseka khutu limodzi. Funsani woimba kuti iye amadzimva bwanji, ndipo funsaninso omwe akhala akumumvera. Mukatha, lembani pa pepala tsiku, nyumba, mtundu wa piyano, mtundu wa maikolofoni, kutalika kwake kuchokera pansi ndi mtunda wake kuchokera pa nsambo, n'kusunga pepalalo pamodzi ndi mawuwo. Timaphunzitsidwa kutchula buku ndi tsamba pomwe tatenga mawu a wolemba. Wodzamvera zaka 50 zikubwerazo ayeneranso kuuzidwa pomwe tinamuimika.